Theka la ola la Aketulo

Apongozi anga, mayi a amuna anga, dzina lawo lenileni limadziwika ndi kabuku ka kuchipatala kokha. Msewu wonse umawatchula kuti Aketulo, ndipo sakwiya nalo. Akhala akugulitsa tiyi kwa zaka zoposa makumi atatu m'kachipinda koyang'anizana ndi geti la fakitale ya sopo. Muli mabenchi awiri, tebulo lalitali loyalidwa pulasitiki wamaluwa ofufuma, mbaula ziwiri ndi maketulo atatu akuda m'matako. Polowa mumakwera masitepe atatu a simenti n'kufika pakakhonde. Kuseri kuli chipinda chawo chogona, ndipo m'menemo simunalowepo mpongozi aliyense osaodira kawiri.

Ndinene mosapsatira, ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Ndili mkwatibwi wa mwezi umodzi, anabwera kudzationa, ine n'kuwakonzera tiyi ndi mtima wonse. Analawa kamodzi, anaika kapu pansi mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo, apongozi, chifukwa cha madzi otentha." Mawu amenewo ndinawasunga zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sanaole.

Pantchito yawo anali ndi lamulo limodzi: ketulo sichoka pambaula isanalawidwe. Anali ndi sipuni yaitali ya aluminiyamu imene inkakhala m'thumba la epuloni. Ankadzuka kukali mbuu, kukoleza makala, kuthira masamba, mkaka ndi shuga ndi maso okha, kenako sipuni ija m'ketulo, kuuzira kawiri, kulawa. Chinthu choyamba kulowa m'kamwa mwawo tsiku lililonse chinali tiyi ameneyo. Alonda oweruka ntchito ya usiku, madalaivala a malole ndi amayi olongedza sopo ankabwera ndi mtima uli m'malo, podziwa kuti chimene akumwa chadutsa kale palilime la Aketulo.

Anathyoka koyamba ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu. Anapunthwa pamtengo wa tsache, n'kutsamira benchi ndi dzanja lamanzere. Kugwa kwake ngakhale mwana wokwawa sakanalira. Koma dzanja linatupa pamfundo, ndipo kuchipatala anawaika chikhakha.

Adokotala, mtsikana wamagalasi wolankhula pang'onopang'ono, sanakhutire ndi chikhakhacho. Anawajambulanso m'chiuno ndi msana, ndipo anatiitana tonse atatu: apongozi, ine ndi amuna anga, amene ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo.

"Amayi, mafupa anu afooka," anatero adokotala. "Zimachitika kwa amayi ambiri akasiya kusamba. Fupa limadyeka m'kati pang'onopang'ono, ngati mtengo wa denga wolowa chiswe. Kunja looneka bwino, kupweteka ayi. Mumadziwa tsiku lothyoka."

"Ine ndimanyamula ndowa ziwiri," anatero apongozi, ngati awanamizira umbava.

"Ndiye muchepetse. Ndikupatsani piritsi limodzi pasabata. Limachedwetsa kudyekako kuti thupi lipeze mpata womanganso. Muzidya zamkaka ndi zamasamba, muziyenda, muziwothera dzuwa. Chimene tikuopa kwambiri ndi fupa la m'chiuno. Limenelo likathyoka, ambiri sabwereranso kuntchito."

Pazenera lolandirira mankhwala anapita okha. Ine ndinali panja kufunafuna galimoto, amuna anga anali pafoni ndi kasitomala wofuna geti. Zimene anauzidwa pazenerapo sitinazimve, ndipo sitinafunse. Kapepala ka m'kabokosi kanali ndi tizilembo tonga nyerere, moti apongozi anayatsira mbaula.

Pakumwa mankhwala pokha sindingawanenere bodza. Anasankha Lachiwiri, ndipo Lachiwiri silinawadutse ngakhale limodzi. Kabokosi kankakhala m'chitini cha masamba a tiyi kuti asaiwale. Chikhakha chinachoka, ntchito inabwerera mwakale, tonse tinaika mtima pansi.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri, anawerama kuti anyamule ndowa ya madzi, msana n'kuwagwira. Anakhala pansi pomwepo, thukuta lili kamukamu. Atawajambula anapeza kuti kafupa kamodzi ka msana kaphwanyika pang'ono.

Madzulo ake amuna anga analankhula ali chiimire. Iwo ndi munthu wofatsa, koma akaopa amasanduka woweruza.

"Amayi, basi. Tikutseka. Mukubwera kwathu."

"Ukutseka cha ndani?"

"Mukufuna ndidzakutoleni ndi fosholo?"

"Iwe, ndinakulera ndi maketulo amenewa. Ukandichotsa pano undiika pampando kuti ndizitani? Ndiziwerenga ntchentche?"

Anakokanakokana mpaka anagwirizana pakati. Ndowa asiye kunyamula, tiyi apitirize. Koma kachitatu kulibe: fupa lina likangothyoka, kaya ndi la chala, chitseko chitsekedwa ndipo iwo asamukira kwathu.

Ine ndinayamba kuwerenga zipinda mumtima. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ana atatu, ndi khitchini yoti munthu mmodzi akalowa wina amadikira panja. Ndinawaona m'maganizo Aketulo atakhala pakhomo la khitchini yangayo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akuthokoza chifukwa cha madzi otentha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lobwerera kuchipatala ndinapempha tchuthi kushopu ya nsalu kumene ndimagulitsa, n'kuwaperekeza ndekha. Sichinali chikondi ayi, ndinkateteza khitchini yanga.

Tinapeza anamwino achikulire, onenepa, a nsapato zophwa mbali imodzi. Anafunsa ngati amadumphitsa mankhwala. Apongozi anakana mwaukali. Anafunsa ngati amawasanza. Anakananso. Anamwinowo anatenga kapu yopanda kanthu pashelefu ndi kabatani kamene kanali m'mbale ya patebulo.

"Tiyerekeze kuti lero ndi Lachiwiri. Ili ndi piritsi. Musameze, mungondionetsa mmene mumachitira."

Apongozi anachita tsinya poona zachibwanazo, komabe anatenga kabatani kaja n'kukafikitsa pamlomo. Ananyamula kapu ndi manja awiri. Kenako anauzira kawiri.

"Mukuuzira chiyani, mayi?" anafunsa anamwino.

"Ndipse?"

"Madzi ake amakhala otentha?"

"Madzi ati? Tiyi. Madzi osaphika ndimwe m'mawa ngati mbuzi? Komanso adokotala ananena okha kuti mkaka ndi wabwino kumafupa. Lachiwiri ndimachita kuwonjezera dala, kuti piritsi lipite ndi mnzake."

Anamwino sanaseke, ndipo ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa cha zimenezo. Anakoka mpando n'kukhala pafupi. Anafotokoza kuti piritsi limeneli ndi lansanje: likakumana m'mimba ndi tiyi, mkaka kapena chakudya, limagwirana nazo n'kutuluka osafika kumafupa. Limafuna m'mimba mopanda kanthu, kapu yodzaza ya madzi okha, kenako theka la ola osadya, osamwa china, osagona pansi, kuti litsike bwino lisawotche kummero. Mkaka ndi wabwino ndithu, koma uzibwera pambuyo.

"Ndiye masabata onsewa?" anafunsa apongozi.

"Ambiri anapita padera, mayi. Koma si inu oyamba, ndipo simunachedwe. Tiyambirenso."

M'basi pobwerera anangofumbata kabokosi katsopano pamiyendo, maso ali pawindo. Titatsala pang'ono kutsika ndinamva akunong'ona okha kuti, "Sindinadumphe ngakhale limodzi." Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadabwa nacho chisonicho, chifukwa chinali choyamba.

Munthu angaganize kuti theka la ola n'chinthu chapafupi. Lachiwiri loyamba ndinalawirira kukaona. Anameza piritsi ndi madzi, nkhope itakwinyika ngati amwa mankhwala a njoka zam'mimba. Anakoleza mbaula, anateleka ketulo. Ine ndinali kupukuta makapu. Nditacheuka, sipuni inali kale pamlomo.

"Amayi!"

"Chiyani? Ndangolawa, sindinamwe."

Anali asanadziwe n'komwe kuti dzanja lakwera. Madzi saiwala khwawa. Sabata yotsatira anayesa kudzuka msanga kuti theka la olalo lithe moto usanayake, koma atameza anasowa chochita, kunja kukuzizira, n'kubwerera m'bulangete. Kumeneko kunalinso kuphwanya lamulo. Zinaonekeratu kuti malinga ali pafupi ndi ketulo kapena bedi, piritsi silipambana.

Nzeru inachokera kwa mlonda wamkulu wa pafakitale, bambo wamtali wa ndevu zaimvi amene anthu amamutchula Asajeni ngakhale sanagwirepo mfuti. Iwo ndi amene amakhala oyamba kufika tsiku lililonse.

"Aketulo, nkhani yake ndi yophweka," anatero. "Lachiwiri muzituluka. Muzikhala pakhonde pano ndi ife, msana chilili, ine ndigwira wotchi. Sipuni muwapatse apongozi anuwa."

"Awa?"

"Ine?" ndinatero nanenso.

Palibe amene anakondwa, koma panalibe njira ina. Lachiwiri lachitatu anatulutsa sipuni m'thumba la epuloni n'kundipatsa atayang'ana kumbali. Anakhala pampando wopanda chotsamira pakhondepo, manja pamaondo, ngati mwana amene aphunzitsi amutulutsa m'kalasi. Asajeni anavula wotchi n'kuiika pamwamba pa chipewa chawo.

Tiyi wanga woyamba ndinamulawa ndekha n'kuona kuti ali bwinobwino. Dalaivala wina atamwa anayang'ana m'kapu n'kufunsa ngati tiyiyo wagonekedwa kuchipatala limodzi ndi mwini wake. Anzake anaseka chikhakhali. Ine ndinaponya sipuni patebulo.

"Amene sakufuna akamwe sopo kutsidyako. Ine ndili ndi ntchito yanga, sindinabwere kudzatukwanidwa."

Ndinayembekeza kuti apongozi awonjezera mchere pabala. Koma mawu awo anachokera pakhonde ali phee.

"Apongozi, tabweretsani ketuloyo pakhomo pano. Thirani m'kapu, mukweze dzanja, ndione mtundu wake."

Ndinathira.

"Mwafulumira kuthira mkaka. Masamba anali asanatulutse mtima. Ketulo yachiwiriyo mudikire mpaka fungo lifike pano pamene ndakhala, ndikuuzani. Ndipo iwe wa lole, mlomo umenewo uzikaugwiritsa ntchito poimba hutala. Amene ukumutukwanayo ndi mkazi wa mwana wanga."

Ndinatola sipuni ija mwakachetechete. M'zaka khumi ndi chimodzi anali asananditchulepo motero pamaso pa anthu.

Kuyambira pamenepo Lachiwiri linakhala sukulu yanga. Iwo pakhonde, ine pambaula, malangizo akudutsa pakhomo. Anandiphunzitsa kumvera ketulo: ikamalira mokweza madzi sanapse, ikatsitsa mawu ndiye nthawi ya masamba. Anandiphunzitsa kuti mkaka wa tsiku lotentha sufanana ndi wa tsiku lamvula. Ankandikalipira ndithu, nanenso ndinkayankha, Asajeni n'kumaweruza ngati woimbira mpira. Wotchi ikakwana ankakweza dzanja, apongozi n'kudzuka, kulowa, kulanda sipuni, kulawa. Miyezi itatu yoyamba ankangoti "Hm." Mwezi wachinayi anati, "Amweka." Ndinapita kushopu tsiku limenelo ndikumwetulira ndekha mumsewu ngati wopenga.

Pakhondepo anaonanso zinthu zimene sanazionepo m'zaka zonse zimene anakhala kuseri kwa utsi. Anazindikira kuti benchi lakumanja limagwedera ndipo anthu amaliopa. Anamva kuti Asajeni mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo kuti tiyi wa m'mawayo ndi nthawi yokha imene amalankhula ndi munthu. Anaona mayi wina wolongedza sopo, wamsinkhu wawo, akukwera masitepe atapinda msana, ndipo anamuzinga ndi mafunso mpaka mayiyo anapita kukajambulitsa. Atabwerako ndi kabokosi kake, apongozi anamuuza ndi mawu a munthu amene sanalakwitsepo chibadwire kuti, "Madzi okha, mwamva? Pali anthu ena opusa amamwera tiyi."

Si kuti zonse zinayenda myaa. Chaka chisanathe anatopa nalo piritsilo.

"Mankhwala anji osamveka m'thupi?" anandifunsa m'mawa wina, piritsi lili m'manja. "Akumutu ukamwa, mutu umasiya. Awa ndimwa, ndikhala, ndidzuka, ndili chimodzimodzi. Mwina akungondisewera."

"Pamene mafupa ankadyeka munkamva?"

"Ayi."

"Nanga akasiya kudyeka mumva bwanji? Imwani, amayi, madzi akuwira."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Pakamwa panu pakula masiku ano," anatero, n'kumeza.

Zinatero kwa zaka ziwiri ndi miyezi. Kenako Lachinayi lina la mvula, ndili kushopu ndikuyeza nsalu ya kasitomala, foni inalira. Anali Asajeni. Apongozi anatuluka kukakhuthula masamba a m'ketulo, phazi linaterereka pasitepe yapamwamba, n'kugwa chammbali mpaka pansi. Anagwera chiuno.

Ndinasiya nsalu ili pamzere. Ndinawapeza kuchipatala atagonekedwa pakabedi kamatayala m'khonde lalitali, epuloni ili matope okhaokha, akudikira kujambulidwa. Amuna anga anali ataima patali, atapinda manja, akuyang'ana khoma. Ndinawadziwa: ankaopa kuti akayang'ana mayi awo alira.

Apongozi anandikodola. Ndinawerama.

"Likakhala kuti lathyoka," ananong'ona, "ketulo yaikulu ija mutenge ndinu. Asaipereke kwa a zitsulo zakutha. Imadontha pang'ono pakhosi, muziipendeketsa chakumanja."

"Musalankhule zimenezo."

"Ndikulankhula. Ndipo kwanu sindidzakuvutitsani. Ndidzakhala chete."

Apa m'pamene misozi inanditsika. Aketulo okhala chete sindinawafune. Ndinapemphera ndili chiweramire, ndipo ndinapeza kuti khitchini yanga mulibemo m'pempherolo. Ndinkangofuna mayi ameneyu abwerere pambaula pake, azikalipira madalaivala ndi ine ndemwe.

Anawalowetsa. Tinadikira nthawi imene ndinaiona ngati chaka. Kenako adokotala amagalasi aja anatiitana n'kutionetsa chithunzi pakompyuta. Analoza ndi cholembera fupa la m'chiuno kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri.

"Palibe pothyoka. Mnofu wokha ndi umene wavulala, atupa ndipo amva kupweteka kwa masabata angapo."

Amuna anga anakhala pansi mwadzidzidzi pampando wa anamwino.

"Ndi piritsi lija?" anafunsa apongozi.

"Lathandiza, ndikukhulupirira. Mafupa anu ndi olimbirapo kusiyana ndi pamene tinayamba. Koma ndisakunamizeni, amayi: piritsi limachepetsa ngozi, silisandutsa munthu chitsulo. Lero pali mankhwala, palinso mwayi. Mupitirize kumwa, tidzaonanso pakatha zaka zingapo ngati mungapumire. Ndipo chimene chakugwetsanicho chikonzedwe."

Anagona kwathu masiku anayi. Anayesetsadi kukhala chete, ndipo zinali zomvetsa chisoni kuposa matenda. Amuna anga sananene kanthu za kachipinda kaja. Pangano linali la fupa lothyoka, ndipo fupa silinathyoke, koma ndinkaona mmene ankatafunira chakudya osachimva kukoma. Nditawafunsa anangoti, "Ndikuganiza." Mwamuna wanga akati akuganiza, kawirikawiri amakhala atagamula kale.

Lachiwiri m'mawa apongozi anakakamira kuti tipite kukatsegula kachipinda kawo ka tiyi. Ndinawagwira mkono, tinayenda pang'onopang'ono, piritsi lili m'thumba langa. Titakhota pakona tinaona kagalimoto kamene amuna anga amabwereka ponyamula zitsulo kataima pakhomo penipeni pa kachipindako, makina owotcherera ali pansi, zitsulo zitatsamira khoma. Asajeni ndi alonda anzawo anali ataima chapatali, makapu awo opanda kanthu m'manja. Apongozi anaima.

"Akutchinga chitseko," anatero.

Ine mtima unapsa. Ndinawasiya atatsamira mpanda n'kupita ndikukonza kale mawu amene mkazi sayenera kuuza mwamuna wake pamsewu. Koma nditafika pafupi ndinaona kuti amuna anga chitseko sanachikhudze. Anali atakumba timayenje tiwiri m'mbali mwa masitepe, ndipo ankawotcherera chitsulo chogwirira kuchokera pansi mpaka pakhonde. M'masitepe onse atatu anali atatema timizere kuti phazi lizigwira. Anakweza chigoba cha kumaso, anandiyang'ana, kenako anayang'ana mayi awo.

"Dikirani chizizire," anatero. "Chikadatentha."

Apongozi anameza piritsi lawo ali chiimire mumsewu, ndi madzi a m'botolo la Asajeni. Ine ndinazemba m'mbali n'kukakoleza mbaula. Theka la ola limenelo anathera akuyang'anira ntchito ya mwana wawo, atagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi. Chitsulo chitazizira anachigwira, anachigwedeza, anasuzumira m'litali mwake ndi diso limodzi.

"Chapendama," anatero.

"Ndichiwongola mawa, amayi."

"Chisiye. Nanenso ndinapendama, koma ndikadaima."

Anakwera sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu, dzanja lili pachitsulo cha mwana wawo. Atafika pamwamba anapuma pang'ono, anacheukira anthu amene anali pansi ndi makapu awo.

"Nanga mwaimiranji ngati pamaliro? Lowani, tatsegula."